Njanji, nkhungu ndi malire: ntchito ya mlembi Jaroslav Rudiš

Jaroslav Rudiš ali mnyamata ankalakalaka kudzakhala woyendetsa sitima ya pamtunda, koma maso anamukaniza, pakuti ntchito imeneyi salembapo munthu amene saona bwino. Iye mwini wakhala akuifotokoza nkhaniyi kawirikawiri, ndipo amene wawerengako mabuku ake amazindikira msanga kuti ngakhale sanayendetsepo sitima, njanji sanaisiye. Anabadwa pa 8 June 1972 m'tauni ya Turnov, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo anakulira m'tauni ina yaing'ono yapafupi yotchedwa Lomnice nad Popelkou. Kuyambira m'chaka cha 2002 walemba mabuku a nthano zazitali, nkhani za mafilimu, masewero a pa siteji ndi a pa wailesi, mabuku a zithunzi zojambula pamanja, komanso amakwera pa nsanja pamodzi ndi gulu loimba. Wongoona mndandanda umenewu angamuyese mlembi wosakhazikika, wogwira apa ndi apo. Ine ndikuona kuti nkhani yake ndi imodzi, ya Atcheki ndi Ajeremani amene anakhala limodzi zaka mazanamazana kenaka nkulekana mwankhanza, ndipo mtundu uliwonse wa zolemba umangomupatsa khomo lina lolowera m'nkhani yomweyo.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kudziwa kaye za dera limene anakulira. M'madera a m'malire a Bohemia ndi Moravia, zigawo za dziko la Atcheki, makamaka kumapiri a kumpoto ndi kumadzulo, munkakhala anthu olankhula Chijeremani kuyambira zaka za m'ma 1200, pamene mafumu a Bohemia ankawaitana kudzakumba migodi, kudzalima ndi kudzamanga matauni. Pamene dziko la Czechoslovakia linkakhazikitsidwa pa 28 October 1918, ufumu wa Austria-Hungary utagwa, Ajeremaniwa analipo oposa 3 miliyoni, kutanthauza kuti anali ambiri kuposa Asilovaki, amene dzina lawo linali m'dzina la dzikolo. M'zaka za m'ma 1930 chuma chitalowa pansi ndipo mafakitale a m'malire atatsekedwa, ambiri mwa iwo anatsatira chipani cha Konrad Henlein, chimene chinadzagwirizana ndi Hitler. Pangano la ku Munich la mu September 1938 linapereka madera amenewa, otchedwa Sudetenland, kwa Germany, ndipo mu March 1939 asilikali a Hitler analowa mu Prague. Zimene zinatsatira ndi zodziwika: mudzi wa Lidice unafafanizidwa mu 1942, ndipo Ayuda pafupifupi 80,000 a ku Bohemia ndi Moravia anaphedwa.

Nkhondo itatha, kubwezera kunagwera Ajeremani onse, olakwa ndi osalakwa omwe. Malamulo amene anasainidwa ndi pulezidenti Edvard Beneš anawalanda unzika ndi katundu, ndipo m'zaka za 1945 ndi 1946 anthu pafupifupi 3 miliyoni anathamangitsidwa m'dzikolo. Miyezi yoyamba inali ya chipwirikiti ndi kuphana, monga zinachitikira ku Brno ndi ku Ústí nad Labem, ndipo pambuyo pake anthu ankawakweza m'mabogi a sitima mwadongosolo nkuwatumiza ku Germany. Komiti ya akatswiri a mbiri yakale a ku Czech Republic ndi ku Germany inayerekeza kuti amene anafa anali pakati pa 15,000 ndi 30,000. M'nyumba zosiyidwazo munalowa anthu ena ochokera kutali, ndipo boma la chikomyunizimu, limene linatenga ulamuliro mu 1948, linaisandutsa nkhaniyi kukhala yosakambika, kupatula kunena kuti amene anachotsedwawo anali adani. Ana a msinkhu wa Rudiš anakula akuona manda olembedwa Chijeremani amene panalibe wowalambula, ndi nyumba zimene panalibe wofuna kutchula amene anazimanga.

Rudiš anali ndi zaka 17 pamene ulamuliro wa chikomyunizimu unagwa mu November 1989. Anakaphunzira Chijeremani ndi mbiri yakale ku Liberec, mzinda umene Ajeremani ankautcha Reichenberg ndipo unali likulu la Sudetenland pa nthawi ya Hitler. Anagwirako ntchito ya uphunzitsi, kenaka anakhala mtolankhani wa zachikhalidwe pa nyuzipepala ya Právo ku Prague. Mwayi wa maphunziro a atolankhani unamufikitsa ku Berlin kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kumeneko ndiko kunachokera buku lake loyamba, Nebe pod Berlínem, kutanthauza kuti thambo la pansi pa Berlin, limene linatuluka mu 2002. Limakamba za mphunzitsi wa ku Prague amene wathawa ntchito ndi moyo wake wakale nkupita kukaimba nyimbo m'masiteshoni a sitima zoyenda pansi pa nthaka. Bukuli linapata mphoto ya Jiří Orten, imene imaperekedwa kwa alembi achinyamata. Silili buku lake lozama kwambiri, koma zonse zimene zinadzakula pambuyo pake zilimo kale: sitima, nyimbo, munthu wa Chitcheki pakati pa Ajeremani, ndi mizimu ya akufa imene imayendabe m'njira zomwe amoyo akudutsamo.

Alois Nebel ndi nkhungu ya kumapiri

Ntchito imene inamutchukitsa kwenikweni sanaigwire yekha. Pamodzi ndi wojambula zithunzi Jaromír Švejdík, amene amadziwika kuti Jaromír 99 ndipo ndi woimba wa gulu la Priessnitz lochokera ku Jeseník, anatulutsa mabuku atatu a nkhani ya zithunzi: Bílý Potok mu 2003, Hlavní nádraží mu 2004 ndi Zlaté Hory mu 2005. Mwini nkhani ndi Alois Nebel, woyang'anira kayendedwe ka sitima pa siteshoni yaing'ono ya kumapiri a Jeseníky, pafupi ndi malire a Poland, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dzina lakuti Alois, Rudiš analitenga kwa agogo ake aamuna, amene ankagwira ntchito ya njanji. Liwu lakuti Nebel ndi la Chijeremani ndipo limatanthauza nkhungu, koma likawerengedwa chobwerera limakhala Leben, kutanthauza moyo.

Nebel ndi munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, amene akasokonezeka mutu amadzitonthoza powerenga ndandanda za nthawi za sitima, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene akuona kuti sichisintha. Nkhungu ikagwa pa siteshoni, amayamba kuona sitima za kale zikudutsa, za asilikali, za Ayuda opita kukaphedwa, ndi za Ajeremani othamangitsidwa mu 1945. Amamutengera ku chipatala cha odwala matenda a maganizo, kumene amakumana ndi munthu wosalankhula amene wadutsa malire mozemba kudzabwezera choipa chimene chinachitika nkhondo itangotha. Akale anati mlandu suwola, ndipo munthu wosalankhulayu ndi mlandu umenewo utavala thupi. Nebel atatuluka m'chipatala amapeza kuti boma lasintha ndipo ntchito yamuthera, choncho amapita ku siteshoni yaikulu ya Prague, kumene amagona pamodzi ndi anthu osowa pokhala ndipo amakondana ndi Květa, mayi wosamalira zimbudzi za pa siteshonipo.

Chofunika kuchimvetsa apa ndi chifukwa chimene nkhaniyi inayenera kukhala ya zithunzi. Buku la mawu okhaokha likanakakamizika kufotokoza zimene Nebel akuganiza, ndipo pofotokozapo likanayamba kuweruza, kunena kuti wolakwa ndi uyu, wolakwiridwa ndi uyo. Zithunzi za Jaromír 99 ndi zakuda ndi zoyera basi, za mizere yakuthwa ngati zosema pa thabwa, ndipo zimatha kuika sitima ya 1945 ndi ya 1989 pa tsamba limodzi popanda liwu lililonse lozilumikiza. Wowerenga amaona yekha kuti njanji ndi yomweyo, siteshoni ndi yomweyo, ndipo ena mwa anthu oima pamenepo ndi omwewo. Pa nkhani imene dziko lonse linaitsekera pakamwa kwa zaka zoposa 40, njira yofotokozera imene imadalira kukhala chete inali yoyenera kuposa ina iliyonse. Ndiyeneranso kutchula kuti pa nthawiyo anthu ambiri ku Czech Republic ankaona mabuku a zithunzi ngati a ana, ndipo Alois Nebel anathandiza kwambiri kusintha maganizo amenewo.

Mu 2011 nkhaniyi inasanduka filimu, imene anaitsogolera Tomáš Luňák, ndipo Rudiš ndi Jaromír 99 ndiwo analemba mawu ake. Anagwiritsa ntchito njira yotchedwa rotoscoping: poyamba amajambula anthu enieni akuchita sewero pa kamera, kenaka ojambula amadutsanso pa chithunzi chilichonse ndi dzanja mpaka filimu yonse ioneke ngati yojambulidwa ndi cholembera. Ndi ntchito yotenga nthawi yaitali, koma phindu lake ndi lakuti mayendedwe a thupi ndi kaphethiridwe ka maso zimakhala za munthu weniweni, pamene maonekedwe amakhalabe a m'buku lija. Miroslav Krobot ndiye anasewera Nebel, ndipo Karel Roden anasewera munthu wosalankhula. Filimuyi inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2011, ndipo mu 2012 inapata mphoto ya European Film Award ya filimu yabwino koposa ya zithunzi zojambula. Poisintha kukhala filimu anadula nthambi zambiri za m'mabuku atatu aja nkutsala ndi mzere umodzi, wa mtsikana wa Chijeremani amene ankalera Nebel ali mwana ndi wa kubwezera kumene kunatsatira kuchotsedwa kwake. Filimu siyingasenze zonse zimene buku limasenza, ndipo mlembi wa filimu ntchito yake yaikulu ndi kusankha chotaya.

Rudiš sanali yekha pofukula nkhani imeneyi. Radka Denemarková anatulutsa Peníze od Hitlera mu 2006, ndipo Kateřina Tučková anatulutsa Vyhnání Gerty Schnirch mu 2009, buku lonena za kuthamangitsidwa kwa Ajeremani a ku Brno. Onsewa ndi a mbadwo umene unabadwa nkhondo itatha kalekale, umene sunali ndi mlandu wodziteteza nawo ndipo unayamba kulemba mabuku ufulu wolankhula utabwera. Pa ndale nkhaniyi inali ikadali yowawa. Václav Havel atanena mawu opepesa Ajeremani othamangitsidwa pa nthawi imene ankalowa pa mpando wa pulezidenti wa Czechoslovakia, anthu ambiri kwawo anakwiya, ndipo ngakhale mayiko awiriwa anasaina chikalata chogwirizana mu January 1997, nkhaniyi inabukanso pa chisankho cha pulezidenti cha 2013 pakati pa Miloš Zeman ndi Karel Schwarzenberg. Chimene chimasiyanitsa Rudiš ndi anzakewo n'chakuti iye salemba nkhanza mwachindunji kawirikawiri. Amalemba za anthu a lero amene akukhala pamwamba pa nkhanzazo, ena osadziwa, ena akudziwa koma osafuna kuzitchula.

Chitsanzo chabwino ndi Grandhotel, ya mu 2006, imene inabadwa ngati nkhani ya filimu ya David Ondříček ndipo inatulukanso ngati buku m'chaka chomwecho. Malo ake ndi hotela yeniyeni ya pamwamba pa phiri la Ještěd, lotalika mamita 1,012, limene limayang'ana mzinda wa Liberec. Nyumbayi, imene inakonzedwa ndi katswiri wa zomangamanga Karel Hubáček nkutsegulidwa mu 1973, ndi nsanja ya wailesi yakanema komanso hotela, ndipo nthawi zambiri imakhala m'mitambo. Fleischman, wantchito wa pa hotelayo, amalemba za nyengo tsiku ndi tsiku ndipo amalota zochoka mu Liberec, koma sathadi kuchoka. Pambali pake pali nkhalamba ya Chijeremani yotchedwa Franz, imene inabadwira mumzindawo ndipo yabwerera ndi phulusa la anzake akufa kuti ikalimwaze kwawo. Wina akulephera kuchoka, wina sanaloledwe kukhala, ndipo onse awiri ndi a mzinda umodzi. Bukuli linapata mphoto ya owerenga ya Magnesia Litera mu 2007. Pambuyo pake panabwera Potichu mu 2007, ndi Konec punku v Helsinkách mu 2010, limene limalumikiza mwini bala wa kum'mawa kwa Germany ndi zolemba za mtsikana wa Chitcheki wokonda nyimbo za punk m'zaka za m'ma 1980, ndipo pakati pa nkhaniyo pali konsati yeniyeni imene gulu loimba la ku Germany la Die Toten Hosen linachita ku Plzeň mu 1987.

Liwu la munthu wa m'bala

Pali chinthu china chimene chimafotokoza chifukwa chake zolemba za Rudiš zimasamuka mosavuta kuchoka pa pepala kupita pa siteji: iye amalemba ndi khutu. Ziganizo zake zambiri ndi zazifupi, zimabwerezabwereza mawu omwewo ngati kolasi ya nyimbo, ndipo zimamveka bwino zikawerengedwa mokweza. Izi zili ndi mizu m'zolemba za Chitcheki, momwe nkhani za m'malo omwera mowa, za anthu wamba olankhula mosalekeza, zili ndi malo aakulu kuyambira kwa Jaroslav Hašek mpaka kwa Bohumil Hrabal. Hrabal yemweyo anagwirapo ntchito yoyang'anira sitima pa siteshoni yaing'ono pa nthawi ya nkhondo ndipo analemba buku lotchuka la moyo wa pa njanji, choncho Alois Nebel ali ndi makolo ake m'mabuku a kwawo. Rudiš walembanso masewero enieni, monga Léto v Laponsku limene analemba ndi Petr Pýcha, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuchititsa madzulo a zolembalemba otchedwa EKG ku Prague pamodzi ndi Igor Malijevský, kumene alembi amawerenga ntchito zawo pamaso pa anthu.

Buku limene luso limeneli likuoneka kwambiri, ndipo kwa ine ndilo lamphamvu koposa mwa onse amene analemba m'Chitcheki, ndi Národní třída, la mu 2013. Dzinali ndi la msewu waukulu wa mu Prague pamene apolisi anamenya ophunzira ochita zionetsero pa 17 November 1989, chinthu chimene chinayambitsa kugwa kwa boma la chikomyunizimu. Buku lonse ndi mawu a munthu mmodzi wotchedwa Vandam, dzina lomupatsa potengera katswiri wa mafilimu omenyana Jean-Claude Van Damme. Vandam amapenta madenga, amakhala m'nyumba zosanjikizana za kumalire kwa mzinda, amalimbitsa thupi tsiku lililonse, amamwa pa bala yotchedwa Severka, ndipo amadzitama kuti iye ndiye anaponya nkhonya yoyamba pa Národní třída nkuyambitsa mbiri yatsopano ya dziko. Amadana ndi alendo, amakhulupirira kuti mtendere ndi kupuma chabe pakati pa nkhondo ziwiri, ndipo amaphunzitsa aliyense womumvera kuti dziko limamvera nkhonya. Pang'onopang'ono wowerenga amayamba kukayika kuti usiku umenewo Vandam anaima mbali iti, ya ophunzira kapena ya apolisi.

Rudiš sakumunyoza munthuyu, ndipo sakumukhululukiranso. Akumulola kulankhula mpaka bodza lake liwonekere lokha, ndipo nthawi yomweyo akuonetsa mantha ndi kusungulumwa kumene kuli pansi pa kudzitamako. Vandam ndi mmodzi mwa anthu amene anauzidwa kuti ufulu wa 1989 udzawapindulira koma anatsala pomwe anali, ndipo mkwiyo wawo, umene pambuyo pake unadzaonekera m'zisankho za mayiko angapo a ku Ulaya, bukuli linaumva msanga. Popeza ndi mawu a munthu mmodzi, linakwera pa siteji mosavuta, ku Czech Republic ndi ku Germany komwe. Mu 2019 Štěpán Altrichter analisandutsa filimu, Hynek Čermák akusewera Vandam. Apa vuto linali losiyana ndi la Alois Nebel: m'buku timaona dziko ndi maso a Vandam okha, pamene kamera imaonetsa zimene zilipodi, ndiye kuti kukayika kumene wowerenga amakhala nako kumayenera kumangidwa mwa njira ina.

Pali chofooka chimene sindingachibise. Dziko la Rudiš ndi la amuna: amuna a m'bala, amuna a pa njanji, ndipo mu Český ráj, buku la mu 2018, ndi gulu la amuna okhaokha ocheza m'nyumba yosambira ya nthunzi yotentha. Akazi a m'mabuku ake, Květa, Lucka wa pa bala ya Severka ndi ena, kawirikawiri amaoneka kudzera m'maso a amuna owakonda kapena owasowa, ndipo sapatsidwa mpata wofanana wolankhula okha. Tinganene kuti akufufuza dala umuna wosweka, ndipo zimenezo ndi zoona, komabe wowerenga mabuku ake motsatizana amafika poilakalaka nkhani yomweyi itachokera pakamwa pa mkazi, monga zilili kwa Tučková.

Kulemba m'chilankhulo cha anansi

Chitcheki chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, pamene Chijeremani ndi chilankhulo chobadwa nacho cha anthu oposa 90 miliyoni. Mlembi wa chilankhulo chaching'ono sapeza zosowa zake zonse pogulitsa mabuku okha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alembi ambiri a kumeneko amagwiranso ntchito m'mafilimu, m'zisudzo, pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Kwa Rudiš, amene amakhala mbali ina ku Lomnice nad Popelkou mbali ina ku Berlin, Germany inasanduka bwalo lachiwiri. Mabuku ake anamasuliridwa m'Chijeremani, iye ankayenda m'mizinda kukawawerenga yekha pamaso pa anthu, ndipo analandira mphoto ya Usedom mu 2014 ndi mphoto ya nyumba za zolembalemba, Preis der Literaturhäuser, mu 2018. Pa nthawi yomweyo anayambitsa ndi Jaromír 99 gulu la Kafka Band, limene limaika nyimbo pa zolemba za Franz Kafka, Rudiš akunena mawuwo m'Chijeremani ndipo mnzakeyo akuimba. Chimbale chawo choyamba, Das Schloss, chinatuluka mu 2014. Kusankha Kafka sikunali kwangozi, pakuti iye anali Myuda wa ku Prague wolemba m'Chijeremani, mboni ya nthawi imene zilankhulo ziwirizi zinkamveka mumsewu umodzi.

Mu 2019 Rudiš anatulutsa buku lake loyamba la nthano yaitali lolembedwa m'Chijeremani kuchokera pachiyambi, Winterbergs letzte Reise, kutanthauza ulendo wotsiriza wa Winterberg. Alembi ena a Chitcheki anasinthapo chilankhulo iye asanatero, monga Milan Kundera amene anayamba kulemba m'Chifalansa ndi Libuše Moníková amene ankalemba m'Chijeremani, koma iwo anachoka kwawo pa nthawi ya ulamuliro wopondereza. Rudiš sanathawe chilichonse, ndipo sanaleke Chitcheki. Anasankha Chijeremani chifukwa mwini nkhani wake ndi munthu woganiza ndi kukumbukira m'Chijeremani cha ku Bohemia, chilankhulo chimene chikutha pamodzi ndi nkhalamba zomaliza zimene zinachotsedwa zija.

Wenzel Winterberg ali ndi zaka 99. Anabadwira ku Liberec mu 1918, chaka chomwe Czechoslovakia inabadwa, bambo wake ankayang'anira malo owotcherako mitembo a mumzindawo, ndipo nkhondo itatha anathamangitsidwa nkukakhala ku Berlin. Womusamalira ndi Jan Kraus, Mtcheki amene anachoka kwawo m'nthawi ya chikomyunizimu ndipo ntchito yake ndi kukhala ndi anthu amene ali pafupi kumwalira. Kraus amachokera ku Vimperk, tauni imene dzina lake la Chijeremani ndi Winterberg, ndipo nkhalamba ija, imene onse ankayesa kuti yatsala pang'ono kutsirizika, imatsitsimuka itamva zimenezi. Awiriwa amanyamuka pa sitima kuchoka ku Berlin kulowera ku Sarajevo, kudzera ku Liberec, Prague, Vienna ndi Budapest, kufunafuna mapazi a Lenka Morgenstern, mtsikana wachiyuda amene Winterberg ankamukonda ndipo anathawa chipani cha Nazi. Buku lowatsogolera pa ulendowu ndi Baedeker, buku lolangiza apaulendo, lonena za Austria-Hungary, la mu 1913, ndiye kuti akuyenda m'mayiko a lero ndi mapu a ufumu umene kulibenso.

Winterberg amalankhula mosalekeza, ndipo nthawi zonse amabwerera ku nkhondo ya ku Königgrätz, mzinda umene Atcheki amautcha Hradec Králové, kumene Prussia, ufumu wa Ajeremani, inagonjetsa Austria pa 3 July 1866. Kwa iye tsoka lonse la pakati pa Ulaya linayambira pamenepo, chifukwa kuchokera tsiku limenelo Austria, ufumu wa mitundu ndi zilankhulo zambiri, inakankhidwira kunja kwa nkhani za Germany, ndipo maganizo akuti dziko lililonse likhale la mtundu umodzi anayamba kupambana. Katswiri wa mbiri yakale angatsutse kuti zinthu sizophweka choncho, ndipo Rudiš, amene anaphunzira mbiri yakale, akudziwa zimenezo. Chimene bukuli likuonetsa n'chakuti nkhalambayi imadziunjikira masiku, mayina a akazembe a nkhondo ndi manda a anthu ena kuti isafike pa mlandu wake wa iyo yokha, wokhudza Lenka. Mmene Nebel ankabisalira m'ndandanda za sitima ndi mmenenso Winterberg akubisalira m'mbiri yakale, ndipo Kraus, womumverayo, nayenso ali ndi chake chimene wachisenza kuchokera tsiku limene anadutsa malire. Bukuli ndi lalitali, ndipo kubwerezabwereza kwa nkhalambayi kumatopetsa owerenga ena, koma ine ndikuona kuti kutopako ndi mbali ya cholinga chake, chifukwa wowerenga amakhala pa mpando wa Kraus, womvera amene sangatsike sitima.

Njanji m'bukuli ili ndi tanthauzo lenileni la mbiri. Mizere yambiri imene awiriwa akuyendamo inamangidwa m'nthawi ya Austria-Hungary, pamene munthu ankatha kuchoka ku Bohemia kukafika kunyanja ya Adriatic osadutsa malire a dziko lina, ndipo mpaka lero Czech Republic ndi limodzi mwa mayiko amene ali ndi njanji zothithikana kwambiri pa dziko lapansi. Malire anasuntha kangapo, mayina a masiteshoni anasintha, anthu anachotsedwa, koma zitsulo zinatsala pomwe zinaikidwa. Njanji yomweyo inanyamula amalonda ndi ophunzira, inanyamulanso opita ku misasa ya imfa ndi othamangitsidwa. Ndi chifukwa chake chikondi cha Rudiš pa sitima sichimakhala chosangalatsa chokha, ngakhale m'buku lake lopepuka la mu 2021 lonena za kuyenda pa sitima, Gebrauchsanweisung fürs Zugreisen, limene linagulidwa kwambiri ku Germany.

Winterbergs letzte Reise linasankhidwa kukhala limodzi mwa mabuku opikisana pa mphoto ya chionetsero cha mabuku cha ku Leipzig mu 2019, chaka chimene Czech Republic inali mlendo wolemekezeka pa chionetserocho, ndipo mu 2021 dziko la Germany linapatsa Rudiš mendulo yake ya ulemu chifukwa cha ntchito yoyanjanitsa mitundu iwiriyi. Pambuyo pake anapitiriza kulemba m'Chijeremani, kuphatikizapo Weihnachten in Prag, kabuku ka mu 2023 konena za usiku wa Khirisimasi mu Prague, kamene zithunzi zake anajambulanso Jaromír 99. Koma owerenga a kwawo, a ku Turnov, ku Lomnice ndi ku Liberec kumene nkhani ya Winterberg inayambira, anayenera kudikira zaka ziwiri kuti awerenge buku la Winterberg lija m'chilankhulo chawo. Rudiš sanalimasulire yekha. Ntchitoyo anaigwira Michaela Škultéty, ndipo bukulo linatuluka m'Chitcheki mu 2021 ndi mutu wakuti Winterbergova poslední cesta, dzina la mlembi wa Chitcheki lili pachikuto, la womasulira kuchokera ku Chijeremani lili mkati.